Njinga ya a Mawa-Iyenda

Mwana wa mlongo wanga ndi telala. Ine ndimamutcha Singano, osati chifukwa cha ntchito yake yokha. Ali wamng'ono anali wowonda moti akaima chammbali mayi ake ankayamba kumufunafuna m'nyumba. Tsiku lina mphepo inamunyamula pakhonde, tinakamupeza atakodwa pa chingwe choyanikira zovala cha anthu oyandikana nawo, eni chingwe atamupana kale ndi zopanira. Nkhani imeneyi ndakhala ndikuikamba pamaso pake moyo wake wonse, ndipo yankho lake linali limodzi: "Malume, bodza." Ndi yankho limenelo ndinkadziwa kuti mwanayo ali bwino.

Pano ndi mayi wamkulu, imvi zayamba kusuzumira m'mphepete mwa duku. Amasoka mayunifolomu a ana asukulu, makatani, ndi madiresi a amayi amene amabwera ndi muyeso wa zaka khumi zapitazo n'kumalumbira kuti tepi yake yafupika. Makina ake ndi opalasa ndi mapazi, ndipo nthawi imene ndikunenayi ankakhala pawindo la pabalaza, m'nyumba ya kampani yopanga mapaipi kumene mwamuna wake ankagwira ntchito yosunga katundu.

Mkamwini wangayo ndinkamutcha a Mawa-Iyenda, ndipo dzinali linachokera pa njinga yake yamoto. Anaigula yakale kale asanakwatire, yofiira, ya injini imodzi. Ndi imene anafunsirira mbeta, ndi imenenso Singano anaphunzirirapo kuyendetsa mpaka kutenga laisensi, n'kumakaperekera mayunifolomu m'masukulu. Kenako njingayo inayamba kufuka. Ikadutsa, amayi a misewu itatu ankathamangira kukaanula zovala, ndipo udzudzu wa m'dera lonselo unasamuka osatsanzika. Ndiye mkamwini anailowetsa m'chipinda cha alendo n'kuimasula. Anati ndi ntchito ya Loweruka limodzi.

Loweruka limenelo linakalamba. Alendo anasiya kugona m'nyumbamo, chifukwa pabedi pankagona thanki ya petulo. Ine ndikabwera kudzacheza ndinkafunsa dala kuti, "Odwala aja ali bwanji?" Iye ankapukuta manja pa kansalu, n'kuyankha mwaulemu wake wonse kuti, "Mawa iyenda, malume." Tinsalu topukutira manjato ankatiba mu dengu la zidutswa la mkazi wake. Imeneyo inali nkhondo yawo ya tsiku ndi tsiku, ndipo ankaikonda onse awiri.

Chodabwitsa n'chakuti m'masabata ake omaliza mkamwini anagwidwa ndi changu. Anaitana makaniko wa pakona, anaika malingi atsopano a mkati mwa injini, anatseka injini n'kuibwezera pa felemu. Paipi ya utsi anaipala dzimbiri, anaipenta yakuda bii, n'kuimangirira pamalo pake. Zina zonse zinali zidakali mbwee m'makatoni. Ndiye m'mawa wina ali kuntchito anakhala pa bokosi, anauza mnzake kuti mutu ukumulemera, ndipo sanadzukenso.

Pamaliro Singano sanalire. Anthu anamuyang'ana, anadikira, anatopa. Atabwerako kumanda anavula nsapato, anakhala pa makina n'kumaliza siketi imene anaisiya pakati. Mayi ake anandiitanira kuseri. "Achimwene, pitani muzikakhala naye. Inu mwina akuyankhani, poti pakamwa panu sipapuma." Ndinanyamula kachikwama kanga, poti ine ntchito yanga ya ukondakitala ndinapuma kalekale ndipo palibe amandisowa.

Ndinayesa zida zanga zonse. Ndinamuuza kuti pobwera basi inadzaza moti ndinapuma mpweya wa mnzanga ndipo iye anapuma wanga, tinabwezerana potsika. Iye anati, "Tiyi ali mufulasiki." Ndinakamba ya mphepo ndi chingwe ija. Anandiyang'ana ngati akuyang'ana khoma limene lapakidwa laimu bwino, n'kubwerera ku msoko wake. Mawu aja akuti bodza sanatuluke. Ankadya akapatsidwa, ankasamba, ankayankha makasitomala. Munthu analipo, koma ngati malaya opachikidwa pa msomali.

Kampani inachita zimene makampani amachita. Inatumiza munthu waulemu kwambiri kudzapepesa, ndipo m'kupepesa momwemo ananena kuti nyumbayo ikufunika pakutha pa mwezi wotsatira. Singano anapeza chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ina kutsidya kwa tauni. Chinali chokwana bedi, makina ndi munthu mmodzi wosanenepa. Mwini malowo anamuuza mosapita m'mbali kuti njinga yoyenda ikhoza kumaima m'kanjira ka m'mbali mwa sitolo, koma milu ya zitsulo ayi, pake si pa dzala.

Uthenga wa zitsulo umayenda msanga kuposa wa maliro. Sabata isanathe kunafika bambo wogula zitsulo zakutha, ndi ngolo yake yokankha ndi sikelo yolendewera. Ameneyu akayang'ana chinthu amachiona kulemera kokha. Ine anandiyang'ana m'mano, ndinatseka pakamwa msanga poopa dzino langa lachitsulo. Analowa m'chipinda cha alendo, anagogoda felemu ndi chala.

"Mayi, pepani ndi zovutazi. Koma iyi si njinganso. Ndikuchotsereni, mupume."

Singano anaima pakhomo, tepi ili m'khosi. Anayang'ana makatoni nthawi yaitali.

"Mubwere tsiku losamuka," anatero. "Mukaipeza chigonere, mutenge. Ikatuluka yokha pageti, mubwerere ndi ngolo yanu."

"Akonze ndani, mayi? Agogowa?"

"Akulu, ine ndinakonzapo ndege ili m'mwamba," ndinatero ine.

Palibe anaseka. Bamboyo anapita akuimba kaluzu, ngati munthu amene wasungitsa katundu wake kwa anthu okhulupirika.

M'mawa mwake ndinapeza Singano atayala nsalu yakale ya pabedi pansi pabalaza. Ankatenga chitsulo chimodzichimodzi m'katoni, n'kuchiika pa nsaluyo, n'kuchizunguliza ndi choko chake chosokera, monga amachitira podula diresi. Chimene sankachidziwa dzina ankachijambula pafoni n'kupita nacho kwa makaniko wa pakona, mnyamata wa ndevu amene amayankha mafunso mutu uli pansi pa galimoto. Mabawuti ndi manati anawasanja m'zitini za mabatani, aakulu paokha, aang'ono paokha. Sananene kuti akuikonzeranji. Sananene kuti ndi chikumbutso, kapena kuti idzamuthandiza pantchito. Ankangogwira, ngati mmene munthu amatsukira mbale za alendo amene apita.

Ine anandipatsa thanki. Mkati mwake munali dzimbiri lokwana kumangira mlatho. Makaniko anati tithiremo palafini ndi manati odzaza dzanja, n'kumaikhutchumula. Ndinakhutchumula mpaka mapewa anga anasinthana malo. Phokoso lake linachititsa agalu a mumsewu wonse kulapa machimo awo. Madzi ofiira amene ankatulukamo ankachepa pang'onopang'ono, ndipo Singano ankabwera, n'kuunika mkati ndi tochi ya pafoni, n'kunena kuti, "Pitirizani." Ndi mawu okhawo amene ndinkalandira ngati malipiro.

Kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya, anaimasula pa thebulo lodulira nsalu. Tizitsulo take ndi tating'ono ngati mano a khoswe, koma zala zimene zakhala zikulowetsa ulusi pa singano zaka makumi atatu zinatigwira bwinobwino. Anatiniika m'palafini, anatsegula timabowo ndi katsitsi ka bulashi, anapemerera, anaunika padzuwa. Gasiketi yotseka mpata pakati pa zitsulo itang'ambika anagula pepala lake n'kudula ina ndi sizasi, yosalala m'mbali kuposa ya m'sitolo. Mawaya amagetsi anali atadyedwa ndi makoswe, amene ndikukhulupirira kuti mpaka lero amawala mumdima. Anawalumikiza mtundu ndi mtundu, wofiira kwa wofiira, wobiriwira kwa wobiriwira, n'kuwakulunga bwinobwino ngati mpendero. Matayala akale anali atang'aluka ngati zidendene zanga, anagula ena. Anasintha nsapato za mabuleki, zingwe za kilatchi, batire. Chishalo anachisenda, anaikamo siponji yatsopano n'kusoka chikopa chakuda pamakina ake omwe, singano zitatu zinathyoka.

Masana ankasoka za anthu, chifukwa ana asukulu sadikira maliro a telala. Madzulo dzuwa lisanalowe ankabwerera ku zitsulo. Zikhadabo zake zinada, ndipo ankasamba m'manja kawiri asanakhudze nsalu yoyera.

Malo amodzi okha ndi amene sankafuna kuti munthu akhudze. Tsiku lina ndinatenga sipanala n'kuyerekeza kugwira nati ya paipi ya utsi, pofuna kuoneka wothandiza.

"Apo ayi, malume."

"Ndimangoyesa ngati yalimba."

"Anamaliza yekha pamenepo. Msoko wa mnzako sumasula usanaone pong'ambika."

Ndinabweza dzanja. Pa penti yakudayo, pafupi ndi injini, panali chidindo cha chala chachikulu cha mkamwini, pamene anagwira penti isanaume. Singano akamapukuta fumbi ankapazungulira.

Nkhani ya mkono wa diresi anandiuza tsiku limene tinkatsuka tcheni. Sindinamufunse. Anali atagwada pa beseni, akukwecha ndi mswachi wakale, ndipo anayamba kuyankhula ndi mawu omwe amauzira kasitomala kuti abwere Lachisanu.

Panali mayi wina amene mwana wake ankakwatiwa. Anabweretsa nsalu yobiriwira, yokhuthala, imene anagula kutali ndipo m'masitolo a kuno munalibe. Singano anadula, anasoka mikono iwiri payokha, uliwonse ndi mabatani atatu okutidwa ndi nsalu yomweyo, n'kuiika pa mpando kuti ailumikize mawa lake. Kutacha, mkono unalipo umodzi. Anasesa nyumba yonse. Anafunsa mwamuna wake, poti wakuba zidutswa ankadziwika. Iye analumbira kuti sanauone, kuti amatenga za mu dengu zokha. Diresi linapita ku ukwati lopanda mikono, mayi uja anamunyoza pamaso pa makasitomala ena ndipo sanabwerenso.

"Ndiye ndinasiya kumuyankhula," anatero Singano. "Tiyi ndinkangomuikira pathebulo. Akafunsa kanthu ndinkaloza ndi chala."

"Zimachitika m'banja zimenezo. Ine azakhali ako anandikwiyira chaka chathunthu, mpaka ndinaiwala mawu awo, nditawamva ndinayesa wailesi."

"M'mawa wake womaliza uja anaima pakhomo apo. Anati, ndapita. Ine ndinali pamakina. Ndinapitiriza kupalasa."

Anatembenuza tcheni, n'kuyamba mbali ina.

"Titaika maliro ndinakhuthula katoni yake ya tinsalu. Ndinafufuza m'matumba a ovolosi, pansi pa bedi, paliponse. Mulibe. Ndiye kuti ndinautaya ndekha ndi zinyalala. Ndinamunamizira munthu, n'kumulola apite opanda yankho."

Ine pakamwa panga pamakhala mawu nthawi zonse, ngati mpopi wakutha wosatsekeka. Tsiku limenelo ndinangomupatsira nsanza youma, anapukuta tcheni.

Mwezi unapita ukutha. Makatani anatsika pamawindo, mbale zinalowa m'makatoni, pamakoma panatsala mabala oyera pamene panali zithunzi. Mawu ankamveka kawiri m'nyumbamo. Pakati pa balaza panaima njinga yathunthu, matayala awiri pansi, magalasi awiri m'mwamba ngati makutu. Nyali inayaka. Maindiketa anaphethira. Hutala inalira ngati mbuzi yopondedwa mchira. Tinaikankhira panja, tinathira petulo ndi oyilo watsopano. Singano anatsegula kampopi ka petulo, anapotokola kiyi, n'kuponda kiki.

Injini inatsokomola. Anapondanso. Inalira pang'ono, du du du, mawu otsekeka ngati munthu woyankhula m'bulangete, kenako inazima.

Anapondanso, chimodzimodzi. Ndinalandira ine. Ndinaponda mpaka mwendo wanga wamanja unatalika kuposa wamanzere, moti mpaka pano ndikamayenda ndimakhotera kumanzere ndipo ndikafuna kupita kumsika ndimayamba ndaloza kuchipatala. Njinga inkangochita zomwezo: kudzuka, kung'ung'udza, kugona.

Singano anamasula pulagi, anaipeza yakuda ndi yonyowa. Anaipukuta, anaibwezera. Anamasulanso kabuleta yonse, anatsukanso timabowo tomwe tija. Anasintha pulagi. Anayang'ana fyuluta ya mpweya. Masiku anapita akuchita zimenezi, ndipo nkhope yake sinasinthe, ngakhale kukwiya. Wogula zitsulo anayamba kudutsa mumsewu wathu m'mawa uliwonse, ngakhale kuti si njira yake. Ankaima pageti n'kupereka moni wautali.

"Odwala adzuka bwanji, agogo?"

Funso langa lomwe lija, m'kamwa mwa munthu wina. Silinandikomere.

Makaniko wa pakona anabwera atavula ovolosi mpaka m'chiuno. Anaponda kiki kamodzi, anapendeka mutu n'kumvetsera.

"Moto ulipo, petulo akufika. Koma ikubanika iyi, mayi. Ikukoka mpweya, potulutsira palibe. Timasule paipi ya utsi tione."

"Paipiyo ndi yabwino. Anaikonza eni ake."

"Sindikukana. Injini tinatseka limodzi, koma paipi anamanga ndili kulibe. Mwina mwalowa kanthu."

"Zikomo, achimwene. Ndiona."

Mnyamatayo anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo. Ananyamula sipanala zake n'kumapita. Njinga inakhala panja tsiku lonse lotsatira, Singano osaiyandikira. Anasita mayunifolomu, anawapinda, anawamanga m'mitolo. Nthawi yopita nayo kokayezetsa kuti ipatsidwe chilolezo choyenda pamsewu inali itatsala pang'ono kutha, ndipo lole yosamutsa katundu inali italonjezedwa kale.

M'mawa wotsatira anatuluka ndi kaulusi koyera m'manja, kotalika ngati chala. Anagwada kumbuyo kwa njinga n'kukalendeweretsa pakamwa pa paipi.

"Pondani, malume."

Ndinaponda. Injini inang'ung'udza kanthawi kake kaja. Ine ndinkayang'ana kaulusiko. Njinga imene kale inkagwetsa zipewa za anthu ndi mpweya wake inalephera kukankha ulusi. Kanangogwedezeka pang'ono, ngati kapumiridwa ndi mwana wogona.

"Pondaninso."

Chimodzimodzi.

Anakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula, kaulusi kali pa bondo. Anakhala choncho mpaka mthunzi wa nyumba unachoka pa ife. Ndinaganiza zomuuza kuti tingoisiya, chitsulo ndi chitsulo. Ndinaganizanso zomuuza kuti ndimasule ine iye atatembenuka. Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka ndi sipanala.

Mkamwini anali atamanga manati aja ngati akumangira tsiku lachiweruzo. Singano anakoka ndi manja awiri, nati osasuntha. Anaika kapaipi pa sipanala kuti italike, anatsamira ndi thupi lonse. Nati inalira, inagonja. Penti inasweka m'mbali mwake, ndipo sipanala itaterereka inakanda pakati penipeni pa chidindo cha chala chija. Anayang'ana pokandikapo, n'kupita ku nati yachiwiri.

Paipi itachoka anaiimika, anaunika mkati. Anatenga waya wa hang'ala, anaupinda kunsonga ngati mbedza, n'kuulowetsa mpaka pokhota. Unakola kanthu. Anakoka pang'onopang'ono. Choyamba kunatuluka mwaye, kenako chinthu chakuda chopindikana, chonga khoswe wakufa. Chinagwera pa simenti.

Anachitola n'kuchitambasula pa bondo. Mbali imodzi inali itapserera. Mkati mwa mapindo, mmene utsi sunafike, munali mobiriwira. Kumapeto kwake kunali mpendero wosokedwa ndi manja, timisoko tofanana ngati mano a chipeso, ndi mabatani awiri okutidwa ndi nsalu. Lachitatu linali litasungunuka.

Zinali zoonekeratu mmene zinachitikira. Munthu akufuna kupenta paipi yake, akufuna chotsekera kukamwa kuti penti ndi fumbi zisalowe, wadutsa pabalaza, waona kansalu pa mpando. Sanakatambasule n'komwe. Wakakankhira mkati ndi chala, wapenta, penti yauma, wamanga paipi mosangalala, waiwala. Pofunsidwa za mkono wa diresi walumbira ndi mtima woyera, chifukwa iye sanabe mkono wa diresi, anatenga kansanza.

Singano anasalaza nsaluyo ndi chikhatho, monga amachitira asanadule.

"Wabodza," anatero, motsitsa.

Ndinadikira.

"Ndinkanena zoona, malume."

"Unkanena zoona."

"Anautenga ndi iyeyo."

"Ndi iyeyo."

Anatembenuza mkonowo, anayang'ana kuseri kwake.

"Sizikubweza kanthu."

"Ayi."

M'mphuno mwake munatuluka kamawu kamodzi, kakafupi. Sikunali kuseka, sikunali kulira. Ine amene ndamva anthu akulira m'mabasi zaka zonse zija sindikudziwa dzina lake. Anapinda mkonowo kanayi n'kuuika m'thumba la epuloni. Kenako anagogoda paipi pansi kuti mwaye wotsala utuluke, anaika gasiketi yatsopano, anamanga manati aja yekha, mosinthanasinthana, mpaka analimba.

Anaponda kiki kamodzi. Ndikanakonda kukuuzani kuti mawindo a mumsewu wonse anasweka ndipo nkhuku zinaikira mazira ophikaphika. Zoona zake n'zakuti inangolira bwinobwino, mofatsa, ngati njinga ina iliyonse. Kautsi kakuda kanatuluka pang'ono, kenako kanayera. Singano anaima pambali, dzanja lili pa chishalo, akumva kunjenjemera kwake. Anaisiya ilire mpaka injini inatentha, n'kuizimitsa, n'kukasamba m'manja.

Koyezetsa anapita yekha atavala chisoti chakale cha mwamuna wake, chimene anachisokera lamba watsopano. Anabwerako dzuwa likupendeka. Ndinamufunsa kuti zayenda bwanji.

"Buleki ya kumbuyo anati ndiimange pang'ono. Ndinamanga pomwepo. Apereka."

"Sanafunse kuti injiniya wake ndani? Unawauza za ine?"

"Tiyi mwamwa?"

Tsiku losamuka wogula zitsulo anafika lole isanafike. Anapeza njinga itaima pakhomo, ikulira. Anaizungulira, anagwira chibwano. Singano anamutulutsira katoni: pulagi yakale, nsapato za mabuleki zakutha, zingwe zodukaduka, batire yakufa.

"Zanu ndi izi, bambo."

Anainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuiyesa kulemera.

"Mayi, mwandidyetsa mafupa."

"Agogo aja ndi amenewa, akulu," ndinatero ndikudziloza pachifuwa. "Mukakhala ndi ndege yovuta mudzandipeze."

Anaika katoni pa ngolo n'kukankha, kaluzu palibe.

Anyamata a lole anakweza bedi, thebulo lodulira ndi makatoni. Makina osokera Singano anawakulunga ndi bulangete n'kuwamanga yekha pakona. Anazungulira zipinda zonse, anatseka mawindo, anapereka makiyi kwa munthu waulemu wa kampani uja. Lole inanyamuka. Iye anakwera njinga, ine ndinakwera kumbuyo nditavala chisoti chobwereka kwa makaniko, chimene chinkandifika m'mapewa.

Pageti anaima, phazi limodzi pansi. Anatembenukira ku khomo la nyumba ija, pamene munthu amaima akamatsanzika. Ananena mawu awiri kapena atatu, osati kwa ine. Injini inawaphimba. Ine ndimamva nyerere ikatsokomola kuseri kwa phiri, koma amenewo sindinawamve, ndipo sindinafunse. Analowetsa giya, tinatuluka.

Amayendetsa mmene amasokera, mzere wowongoka, osathamanga. Tinadutsa pa galaja ya pakona, makaniko anatulutsa dzanja pansi pa galimoto n'kulikweza. Tinadutsa wogula zitsulo akukankha ngolo yake pamtunda. Tinafika lole isanafike.

Pano amakhala m'kachipinda kaja. Makina ali pawindo, njinga imaima m'kanjira ka m'mbali mwa sitolo, ndipo Lolemba lililonse imanyamula mitolo ya mayunifolomu. Mkono uja anauchapa kangapo, mwaye sunachoke. Umakhala pansi pa chishalo, ndipo ndi umene amapukutira magalasi m'mawa. Sanayambe kuseka. Amadya, amasoka, amagona msanga. Mayi ake akandifunsa ndimati ali bwinoko, ndipo sindidziwa ngati limenelo ndi limodzi mwa mabodza anga.

Sabata yatha ndinapita kukafupikitsa mwendo wamanzere wa buluku, chifukwa cha wamanja unatalika uja. Ndili chiimire, iye atagwada ndi mapini pakamwa, ndinauza mayi wina amene ankadikira diresi lake kuti njinga ili panjayo ndinaikonza ndine, ndi supuni ndi lumo lometera, maso nditatseka. Singano anachotsa pini imodzi pakamwa n'kuibaya pa mpendero.

"Malume, bodza," anatero, osadzutsa mutu. "Imani bwino, mukupotoka."